Fungo la Petulo M'kati mwa Galimoto

Anthu ambiri a kumudzi popita ku chipatala amakwera matola, minibasi kapena lole, ndipo si zachilendo kumva wina akudandaula kuti galimoto yam'dwalitsa mutu. Kawirikawiri amanamizira msewu wokumbika kapena njala, pamene chodwalitsa chenicheni chili fungo la petulo lomwe aliyense analimva pokwera, nalizolowera ulendo uli m'kati. Mphuno siichedwa kuzolowera, kotero kuti fungo likaleka kumveka sindiye kuti mpweya woipawo watha.

Galimoto yabwino siyenera kununkha petulo m'kati. Petulo amayenda m'njira yotsekeka kuchokera m'thanki, kudzera m'mapaipi ndi m'sefa, mpaka ku injini kumene amakapsa. Fungo likafika pamene pakhala anthu ndiye kuti njirayo yatseguka penapake.

Petulo amauluka msanga nasanduka mpweya wolemera kuposa mpweya umene anthu amapuma. Pa chifukwa chimenechi umaunjikana pansi, pomwe pamakhala ana aang'ono ndi odwala ogonekedwa pa mphasa. Woupuma amamva mutu, chizungulire ndi nseru, maso namuwawa. M'petulo mulinso mankhwala otchedwa benzene, amene akamapumidwa kwa zaka zambiri angathe kuyambitsa khansa ya m'magazi. Mtovu umene kale unkathiridwa m'petulo unasiyidwa m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara pofika mu 2006, ndipo pa dziko lonse mu 2021, koma benzene akadalimo. Ngozi yapafupi kuposa zonsezi ndi moto, pakuti ndudu imene wina akuyatsa kapena waya wothetheka n'zokwanira kupsereza galimoto yonse.

Dalaivala wanzeru amayamba ndi kudzifunsa kuti fungolo limabwera nthawi yanji. Likamamveka atangomwetsa mafuta, ayambe waona chitsekero cha thanki. Mphira wake ukang'aluka mpweya umatuluka, ndipo chinsanza kapena pulasitiki zimene ena amatsekera pamenepo chitsekero chikatayika sizitseka kanthu. Chizolowezi chogwedeza galimoto pomwetsa kuti mafuta alowe ambiri nachonso n'choipa. Galimoto za masiku ano zili ndi kachitini ka makala kogwira mpweya wa m'thanki, ndipo thanki ikadzadza mopitirira, petulo amalowa m'kachitinimo nakaononga.

Fungo lomveka injini ikamalira limaloza ku mapaipi, ku sefa, ku kabuleta pa galimoto zakale, kapena ku timphira ta mainjekita pa zatsopano. Kumeneko petulo amayenda mokankhidwa ndi pampu, motero kang'alu kosaoneka ndi maso kamatulutsa mafuta injini ikangoliza. Popeza petulo sachedwa kuuma, dontho silioneka nthawi zonse. Chooneka ndi malo onyowa pamene fumbi lamatirira, kapena kamzere koyera pa paipi yafumbi. Fungo lomveka m'mawa galimoto itagona limasonyeza thanki yodontha, zomwe sizisowa pa misewu ya miyala ndi pa galimoto za dzimbiri. Katoni yoyalidwa kunsi usiku imaulula malo ake kukacha. Pa galimoto zing'onozing'ono zambiri pampu imakhala m'thanki momwemo, kunsi kwa mpando wa kumbuyo, ndipo mphira wa pachivundikiro chake ukatha fungo limakwera molunjika kwa apaulendo.

Nthawi zinanso galimoto imakhala ilibe chilema chilichonse. Chiyambire kusowa kwa mafuta kwa mu 2011 ndi 2012 m'Malawi, ambiri anazolowera kuyenda ndi petulo m'zigubu, ena nachiika chigubucho kunsi kwa mpando wa mayi wa mwana kumsana. Chigubu chotero chikatenthedwa ndi dzuwa chimafufuma nichitulutsa mpweya, ndipo petulo akatayikira pa mpando fungo limakhala masiku ambiri.

Kufufuza konseku kuchitike panja, injini itazizira, ndi tochi, osati machesi kapena koloboyi. Paipi yong'aluka isinthidwe ndi ina yopangidwira petulo, chifukwa paipi ya madzi imafewa nkuphulika. Kumanga ndi malegeni kapena kumata sopo pa thanki kungam'fikitse munthu ku galaja, koma sikukonza. Alipo madalaivala amene amayenda ndi sopo yemweyo chaka chathunthu, atanyamula anthu. Thanki yobooka ndi ntchito ya makaniko wodziwa, amene amayamba wachotsa waya ku batire. Kuwotcherera thanki n'koopsa ngakhale ilibe mafuta, poti mpweya wotsalira m'kati ndiwo umaphulika. Moto wa petulo ukabuka uzimitsidwe ndi mchenga kapena dothi, madzi amangoumwaza.

Pali fungo lina la petulo wosapsa bwino limene limachokera ku ekizozi, pamodzi ndi utsi wakuda, makamaka mapulagi akatha kapena sefa ya mpweya ikatsekeka ndi fumbi. Limeneli ndilo loyenera kuopedwa kwambiri, chifukwa mu utsimo muli mpweya wotchedwa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Mpweyawu paokha ulibe fungo kapena mtundu. Ukalowa m'mapapo umagwirana ndi magazi mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zopitirira 200, thupi niliyamba kufooka munthu asakudziwa. Umalowa m'galimoto ekizozi ikabooka, pansi pakachita mabowo a dzimbiri, kapena chitseko cha kumbuyo chikamayenda chotsegula chifukwa cha katundu, popeza mphepo imakokera utsi m'kati. Kugona m'galimoto yotseka mazenera injini ikulira kwapha anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana. Mwana amene wangoti zii pa ulendo wotere asayesedwe kuti wagona tulo tabwino. Amayi apakati, makanda ndi odwala mtima ndiwo amayamba kugwidwa.

Apaulendo angapo akamva mutu nthawi imodzi, mazenera atsegulidwe, galimoto iime, injini izimitsidwe, ndipo onse atsike. Wokomoka agonekedwe chammbali pa malo opita mphepo, zovala zothina zimasulidwe, kenaka atengeredwe ku chipatala msanga ngakhale atatsitsimuka, ndipo a chipatala auzidwe za utsiwo. Zovala zonyowa ndi petulo zivulidwe, khungu litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri. Amene wameza petulo pokoka ndi pakamwa kudzera m'paipi asasanzitsidwe, chifukwa posanza mafutawo amalowa m'mapapo nayambitsa chibayo choopsa, chomwe chingathe kuonekera patapita maola angapo.