Iago asamaoneke ngati mfiti

Achinyamata amene ndimawaphunzitsa zisudzo kuno ku Johannesburg akangopatsidwa mbali ya Iago, amayamba kuyenda monyang'ama, maso ali psuu, kuseka kwake kwa munthu woipa. Ndimawaimitsa pomwepo. Munthu wooneka choncho palibe angamubwereke ngakhale ndalama ya takisi. Nanga mkulu wa asilikali ngati Othello angamukhulupirire bwanji mpaka kupha mkazi wake?

Ambiri amayesa kuti sewero lachisoni limakoma chifukwa cha chinsinsi choululika kumapeto. Si choncho. Mu Othello, sewero limene Shakespeare analemba cha m'ma 1603, oonerera sabisiridwa kanthu. Iago amatembenukira kwa ife n'kutiuza chiwembu chake chonse. Tikudziwa kuti Desdemona, mkazi wa Othello, sanayendepo ndi Cassio, amene Iago akumunamizira. Tinaona ndi maso athu Emilia akutola kampango ka Desdemona n'kukapereka kwa mwamuna wake Iago, amene anakakasiya kuchipinda kwa Cassio. Chotipweteka n'chakuti tikuona munthu akulunjika kudzenje, ife tili pampando, sitingamukuwire. Sophocles anachitanso chimodzimodzi zaka zoposa 2,400 zapitazo: anthu a ku Athens ankadziwa kale kuti wopha mfumu Laius, amene Oedipus akumusaka, ndi Oedipus mwiniwake.

Ndiye ntchito ya wochita sewero ndi kupangitsa bodza kuoneka labwino. Iago akhale mnzako wapamtima, wolankhula monyinyirika, wochita kumuumiriza kuti anene. Kumeneko n'kovuta kuposa kulira pasiteji, ngakhale olira ndi amene amawomberedwa m'manja.

Koma bodza silimera pathanthwe. Mu 1987, ku Market Theatre ku Newtown, Janet Suzman anakonza Othello. John Kani ndiye anali Othello, Joanna Weinberg anali Desdemona, Richard Haines anali Iago. Panali patangotha zaka ziwiri boma latsankho litafafaniza lamulo loletsa ukwati wa mzungu ndi munthu wakuda. Othello ndi Desdemona atapsompsonana, azungu ena anadzuka n'kutuluka. Ine ndimati otulukawo anafotokoza seweroli bwino kuposa buku lililonse. Iago sabweretsa chikhulupiriro chatsopano. Amangokolezera chimene anthu ali nacho kale. Kumayambiriro kwenikweni kwa seweroli, bambo ake a Desdemona amaumirira kuti mwana wawo anachita kudyetsedwa mankhwala, poti sangakonde munthu wakuda mwa kufuna kwake. Othello wamva zoterezi kwa nthawi yaitali, ndipo Iago akamanong'ona, amapeza mtima wokayika kale.

Kani yemweyo anali ataitembenuza kale nkhani ya chinyengoyi mu Sizwe Banzi Is Dead, limene anapeka ndi Athol Fugard ndi Winston Ntshona mu 1972. M'menemo munthu wopanda chilolezo chokhalira ku Port Elizabeth amatenga pasi ya munthu wakufa, chithunzi chake n'kumatidwamo, kuti apeze ntchito adyetse ana. Apa chinyengo ndicho chikupulumutsa munthu, koma chikumulanda dzina. Amalawi anzanga a ku Joni safuna kuwamasulira nkhani imeneyi. Kani ndi Ntshona analandira mphoto ya Tony ku New York mu 1975. Chaka chotsatira anamangidwa ku Transkei chifukwa cha sewero lomwelo.