MSIKA WOGULITSIRAPO NDALAMA

Tonse tidziŵa kuti ndalama ndi yogulira zinthu. Amayi akapita ku msika amapereka ndalama nalandira mchere, sopo kapena usipa. Koma kodi mudamvapo kuti ndalama nayonso imagulitsidwa monga mbuzi kapena nkhuku? Pa dziko lapansi alipo anthu ambiri amene amakonda kusonkhanitsa ndalama zachitsulo. Iwoŵa sazisunga kuti adzagulire kanthu ai. Amaziyala bwinobwino m'timabokosi, namaziyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu, ndipo akamva kuti kwina kwake kuli ndalama imene iwo alibe, tulo sabwera. Munthu wotere angathe kupereka mapaundi 100 kuti apeze kandalama kamodzi kamene ku sitolo ndi theka la paundi chabe.

Ambiri amaganiza kuti ndalama ikakhala yakalekale ndiye kuti ndi yamtengo wapatali. Zimenezi si zoona. Ndalama zamkuwa za Aroma, za m'nthaŵi ya mfumu Constantine, zatha zaka zoposa 1,600, koma zambiri zimagulidwa ndi mapaundi oŵerengeka, pakuti zidasulidwa zochuluka ndipo anthu a ku Ulaya akuzifukulabe m'nthaka mpaka lero. N'chimodzimodzi ndi makobiri aboo pakati amene agogo ena adasunga m'zitini, aja a m'nthaŵi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, okhala ndi chithunzi cha njovu ziŵiri. Ngakhalenso shileni ya chithunzi cha chimanga, imene idatuluka m'chaka cha 1964 kwacha ndi tambala zisanayambe, ogula ake alipo ndithu, koma mtengo wake ndi wochepa chifukwa siisoŵa.

Chimene chimakweza mtengo ndi kusoŵa kwa ndalamayo pamene oifuna ali ambiri. M'chaka cha 1933 boma la America lidasula ndalama zagolide za madola 20 zokwana 445,500, koma zisanafike m'manja mwa anthu lidalamula kuti zisungunulidwe. Zidapulumuka zoŵerengeka, ndipo mwa izo ndi imodzi yokha imene lamulo limalola munthu wamba kukhala nayo. Imeneyi idagulitsidwa ku New York m'chaka cha 2021 pa mtengo wa madola pafupifupi 19 miliyoni. Komatu izi ndi za anthu olemera. Nkhani yotiyenera ife ndi ya kandalama kena ka ku Britain, kamene munthu aliyense akadatha kulandira ngati chenje pogula nyuzipepala.

Mu mzinda wa London muli munda waukulu wa mitengo ndi maluŵa wotchedwa Kew Gardens, umene udayamba m'chaka cha 1759. M'mundamo muli nsanja yaitali yomangidwa monga amamangira anthu a ku China. Pamene munda umenewu udakwanitsa zaka 250, m'chaka cha 2009, nyumba yosulira ndalama za dzikolo, yotchedwa Royal Mint, idatulutsa ndalama ya mapeni 50 ya chikumbutso. Ndalama ya mapeni 50 ndiyo theka la paundi, ndipo si yozungulira monga zina. Ili ndi mbali zisanu ndi ziŵiri. Kumaso kwake kudali nkhope ya Mfumukazi Elizabeth II. Kumbuyo kwake mmisiri wojambula, Christopher Le Brun, adaikako nsanja ija, chomera choyanga chitaikulunga.

Ndalama zamtundu umenewu nthaŵi zambiri zimasulidwa mamiliyoni. Koma za Kew Gardens zimene zidaloŵa m'manja mwa anthu zidali 210,000 zokha. Taŵerengerani nokha: m'dziko la anthu oposa 60 miliyoni, ndiye kuti ndalama imodzi pa anthu pafupifupi 300 alionse. Kwa zaka zingapo ambiri sadazindikire zimenezi. Ankagulira tiyi, kulipirira basi, ena kuponya m'mbale ya chopereka. Tsono m'chaka cha 2014 a Royal Mint adalengeza kuti imeneyi ndiyo ndalama yosoŵa kwambiri mwa zonse za mapeni 50 zimene zidali kuyenda. Nkhaniyi itatuluka m'manyuzipepala, anthu adayamba kukhuthula matumba ndi timabotolo tosungiramo chenje. Oipeza adafuna kuigulitsa. Nanga akadaigulitsa kuti?

Kale munthu wofuna kugulitsa ndalama yosoŵa ankayenera kupita nayo ku sitolo ya wamalonda wodziŵa za ndalama, ndipo masitolo otere amapezeka m'mizinda ikuluikulu mokha. Wamalondayo ndiye ankatchula mtengo. Mwini ndalama analibe poyerekezera. Zinthu zidasintha kuyambira m'chaka cha 1995, pamene Pierre Omidyar, wa ku California m'dziko la America, adatsegula msika wa pa intaneti umene pambuyo pake udatchedwa eBay. Msika umenewu ulibe denga kapena mabenchi. Wogulitsa amakhala kwao, wogula kwaonso, ndipo amakumana pa kompyuta kapena pa foni. Masiku ano misika yotere ilipo yambiri, ndipo ena amatsatsa malonda ao m'magulu a pa Facebook.

Malonda ake amayenda motere. Wogulitsa amajambula ndalamayo, naika zithunzi zake pa msikapo pamodzi ndi mau ofotokoza. Angathe kutchula mtengo umodzi wokhazikika, kapena kuiika pa okushoni. Akasankha okushoni, amatchula mtengo woyambira ndi masiku amene malondawo adzakhale otsegula, tinene masiku asanu ndi aŵiri. Ofuna kugula amapikisana, wina kuika mapaundi 20, wina 35, wina 60. Ozoloŵera amakhala chete mpaka mphindi yomaliza, kenaka n'kuponya mtengo wao mwadzidzidzi kuti anzao asapeze mpata wowonjezera. Nthaŵi ikatha, wopambana amalipira, wogulitsa amatumiza ndalamayo pa positi, ndipo eni msika amatapapo gawo lao. Pa njira imeneyi ndalama ya Kew Gardens yakhala ikugulitsidwa kaŵirikaŵiri pa mtengo wopitirira mapaundi 100, ndiye kuti kuchulukitsa mtengo wolembedwapo ka 200.

Ana a alimi a fodya adziŵa za okushoni. Koma pa okushoni ya fodya wogula amafika pa belo, nasolola tsamba, naligwira, nalinunkhiza. Pa intaneti wogula sagwira kanthu. Amaona chithunzi chokha, ndipo wojambula chithunzicho ndi yemweyo amene akufuna kuti malonda ake ayende. Apa ndi pamene pagona vuto lonse la msika umenewu.

Msampha woyamba ndi wa mtengo. Pa msika wa pa intaneti munthu ali ndi ufulu wolemba mtengo uliwonse umene wafuna, ngakhale wopanda nzeru. M'chaka cha 2017 kudatuluka ndalama ina ya mapeni 50 ya chithunzi cha kalulu wa m'nthano za ana a ku Britain, dzina lake Benjamin Bunny. Zidasulidwa 25 miliyoni, kotero kuti siisoŵa konse. Komabe anthu ena amaitsatsa pa mitengo ya mapaundi mazanamazana, ndipo wosadziŵa akaona zimenezi amayesa kuti m'thumba mwake muli chuma. Taganizani munthu amene waima pa msika ndi nkhuku yake nanena kuti akufuna mtengo wa ng'ombe. Kunena wanenadi, koma kodi nkhukuyo yasanduka ng'ombe? Mtengo weniweni wa chinthu ndi umene wina walipira, osati umene mwini wake watchula. N'chifukwa chake odziŵa sayang'ana zimene zikutsatsidwa. Amatsegula pamene msikawo umaonetsa zimene zidagulidwa kale, naona mitengo ya ndalama khumi kapena makumi aŵiri zofanana ndi yaoyo.

Msampha wachiŵiri ndi woopsa koposa. Mtengo wa ndalama ya Kew Gardens utakwera, akathyali adayamba kusula zao zabodza, nazithira pa msika. Pa chithunzi zimaoneka zokongola, mwinanso zonyezimira kuposa zenizeni. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama yeniyeni imalemera magalamu 8, choncho wogula wochenjera amapempha chithunzi chake ili pa sikelo. Amayang'anitsitsanso tizilembo tating'ono, masamba a chomera chija ndi tsitsi la Mfumukazi, pakuti m'tinthu totere ndi mmene dzanja la wonyenga limalephera.

Palinso chinyengo china chimene sichifuna n'kusula komwe. M'chaka cha 2019 a Royal Mint adasulanso ndalama ya chithunzi chomwecho cha nsanja, yogulitsa kwa osonkhanitsa ndalama okha. Kumbuyo kwake kudalembedwabe 1759 ndi 2009 monga yoyamba ija, koma kumaso kwake kuli chaka cha 2019. Iyi si yabodza, koma si ija ya 210,000. Tsono wogulitsa akangoonetsa mbali imodzi, sadanene bodza ndi pakamwa, koma wogula wopupuluma amapusitsidwa ndithu. Malonda a chithunzi chimodzi ndi ofunika kuŵalambalala.

Nanga munthu angakhulupirire bwanji mlendo amene sadamuonepo? Eni misika adapeza njira. Malonda akatha, wogula amalemba ngati wakhutira kapena ai, ndipo mau akewo amakhala poyera pa dzina la wogulitsayo kuti aliyense aŵerenge. Wogulitsa amene wachita malonda zaka zambiri popanda madandaulo amasamala mbiri yake monga mlimi asamalira nkhokwe. Misika ina imabwezanso ndalama kwa wogula ngati katundu sadafike, kapena wafika wosiyana ndi amene adatsatsidwa. Akuba amadziŵa zimenezi, motero amanyengerera wogula kuti amalizire malonda kumbali, ati kuti mtengo utsike. Wovomera zimenezi akaberedwa alibe kokadandaula.

Pa ndalama zamtengo wapatali pali njira inanso. M'chaka cha 1949 William Sheldon, wa ku America, adakonza muyeso wa maonekedwe a ndalama, kuyambira 1 mpaka 70. Ndalama yofufutika, yongotsala pang'ono kusadziŵika, imapatsidwa 1. Yopanda kachilema ngakhale kamodzi imapatsidwa 70. Makampani monga PCGS, imene idayamba m'chaka cha 1986, ndi NGC, ya m'chaka cha 1987, amalandira ndalama kuchokera kwa eni ake, naziyesa ngati zili zenizeni, nazipatsa malikisi ake. Kenaka amazitsekera m'kabokosi ka pulasitiki koonekera m'kati, kokhala ndi nambala imene wogula angathe kuifufuza pa intaneti. Ndalama ziŵiri za chaka chimodzi zingathe kusiyana mtengo kutalitali chifukwa cha malikisi ameneŵa. Ntchitoyi ndi yolipira, choncho palibe amene amatumizako ndalama wamba.

Apa mpofunika kuchenjeza ana aukhondo. Mwana wolimbikira ntchito akapeza ndalama yakale yakuda, mtima wake umamuuza kuti aikweche ndi phulusa kapena mchenga monga timachitira ndi mapoto. Poto amakoma akaŵala, koma ndalama ai. Kukwecha kumasiya timizere tambirimbiri timene maso athu saona, koma galasi la wodziŵa limationa msanga, ndipo mtengo umagwa pomwepo. Kuda kumene kumadza ndi zaka osonkhanitsa ndalama amakukonda. Iwo ngakhale pogwira sagwira pankhope pa ndalama. Amaitsina m'mbali ndi zala ziŵiri, kuopa kuti thukuta lingaiwononge.

Ndalama ya Kew Gardens idakhala pa mpando wa ufumu zaka zambiri, koma lero si ndiyonso yosoŵa koposa. M'chaka cha 2024 a Royal Mint adalengeza kuti ndalama ina ya mapeni 50, ya chaka cha 2023, yokhala ndi nkhope ya Mfumu Charles III kumaso ndi nsomba yotchedwa salmon kumbuyo, idaloŵa m'manja mwa anthu yokwana 200,000 yokha. Idachepa ndi 10,000 poyerekeza ndi ya nsanja ija. Anthu a ku Britain adayambanso kutembenuza chenje chao kufunafuna nsomba, ndipo pasanapite masiku ambiri zithunzi zake zidadzaza pa msika wa pa intaneti.