Adokotala a Mano Akati "Lero Sitizula"

Lamulungu lina dipatimenti ya zaumoyo ya pampingo pathu inakonza zoti anthu adzaonedwe mano kwaulere. Ife odzipereka tinagawana ntchito: ena kulemba maina, ena kuyeza BP, ena kukhazika anthu pamzere.

Cha m'ma 10 koloko kunafika bambo ena atagwira tsaya, maso ali psuu. Anati atha masiku atatu osagona. Titawayeza, BP yawo inali 195/115. Tinawapumitsa pamthunzi n'kuwayezanso, koma sinatsike. Adokotala atawaona anati, "Bambo, pepani, lero sitizula."

Bambowo anapsa mtima. "Ndadzuka m'bandakucha, ndayenda wapansi, ndiye mundibweze? Chikundiwawa ine ndi dzino, osati magazi!"

Kunena zoona, ambirife tinali kumbali yawo. Mlongo wina anafika ponong'oneza kuti, "Adokotala, tangowathandizani." Iwo anayankha modekha kuti, "Mayi, kuwathandiza kwake ndi kumeneku."

Chifukwa chiyani amakana?

Kuyambira tsikulo takhala tikufunsa ndi kuphunzira. Zifukwa zimene timakumana nazo kawirikawiri ndi izi.

BP yokwera. Ikafika 180/110 kapena kuposa, madokotala ambiri a mano amayamba aimitsa kuzula. Mantha ndi ululu zimaikwezanso, magazi amavuta kuleka, ndipo munthu atha kuchita sitiroko ali pampando pomwepo.

Shuga wosalamulirika. Bala la m'kamwa limachedwa kupola ndipo limachita mafinya msanga.

Mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin. Pamafunika kuyeza magazi kaye. Wodwala asasiye yekha mankhwalawa pofuna kuti amuzule msanga.

Kutupa kofalikira. Ngati kutupa kwatsikira kunsi kwa chibwano, thupi likutentha, kukamwa sikukutseguka, kapena kumeza ndi kupuma kukuvuta, imeneyo si nkhani ya pabwalo la tchalitchi ayi. Munthuyo apite kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo.

Mowa. Ena amamwa kachasu kuti alimbe mtima. Woledzera sangavomereze chithandizo mozindikira, sakhazikika pampando, ndiponso sakumbukira malangizo.

Dzino labwinobwino. Wodwala amaloza dzino n'kumati, "Chotsani ili." Koma ululu wa m'kamwa umanamiza. Nthawi zina lowola ndi loyandikana nalo, nthawi zina gwero lake ndi chimfine chimene chatseka mphako za m'masaya, n'kumapweteketsa mano am'mwamba. Munthu wamkulu ali ndi mano 32 basi, ndipo lozulidwa silimeranso.

Mwana wobwera yekha. Pamafunika kholo kapena womulera kuti avomereze. Makolo adziwenso kuti mano a chitsakano amene amamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6 sali m'gulu la mano 20 aubwana aja. Ndi okhalitsa. Ngati angathe kumatidwa, adokotala adzakana kuwazula.

Palinso amene amangofuna makapisozi. Amoxicillin satseka bowo la dzino. Kutupa kutha kuphwa kwa kanthawi, koma kuwola kumapitirira.

Wodwala wovuta ndi ndani?

Taona kuti ambiri amene timawatcha ovuta ndi anthu amantha, otopa ndi ululu, kapena amene agulitsa nkhuku kuti apeze ndalama yoyendera. M'dziko muno madokotala a mano ndi ochepa kwambiri. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, komwe tsopano ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ntchito yambiri m'maboma imagwiridwa ndi ma dental therapist. Munthu akapeza mwayi wokhala pampando paja, mawu oti "bwerani tsiku lina" amamulasa mtima.

Choncho taphunzira kumutengera pambali wokwiyayo, kumupatsa mpando, ndi kumusiya alankhule mpaka amalize. Sitikangana naye pagulu, ndipo sitilonjeza chimene adokotala sananene. Koma ulemu ndi wa mbali zonse. Munthu akayamba kutukwana kapena kuopseza, wachipatala ali ndi ufulu woimitsa ntchito, pakuti dzanja logwira jekeseni siliyenera kunjenjemera.

Kukana koyenera ndi kosayenera

Kukana koyenera kumabwera ndi zinthu zitatu: chifukwa chomveka, mankhwala ochepetsa ululu, ndi kalata kapena malangizo a kumene wodwala apite. Kukana munthu chifukwa ali ndi HIV, chifukwa cha chipembedzo chake kapena mtundu wake n'kulakwa, ndipo madandaulo otere amalandiridwa ku Medical Council of Malawi. Amayi oyembekezera nawonso asamangopirira dzino kunyumba. Amathandizidwa, bola anene kuti ndi oyembekezera.

Choopsa n'chakuti wobwezedwayo apite kwa wozula mano wa m'mudzi, kapena athire madzi a batire ndi mankhwala ena oopsa m'bowo. Ena amaika aspirin pankhama, n'kupsa nayo. Abale, zipatala za boma zilipo, ndipo mpingo wathu uli ndi chithandizo cha mano ku Blantyre Adventist Hospital ndi kuchipatala chathu cha ku Lilongwe. Popita, tengani buku lanu lakuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa. Idyani kaye, ndipo musabise matenda. Safunsa anadya phula: mukakanidwa, funsani chifukwa chake ndi tsiku lobwerera.

Nanga bambo aja? Dikoni wina anawakweza panjinga mpaka kuchipatala chaching'ono chapafupi. Kumeneko ndi kumene anadziwira koyamba kuti ali ndi BP, ndipo anayamba mankhwala. Patapita milungu itatu dzino linazulidwa kuchipatala cha boma popanda vuto. Tinakumana nawo pamsika, ndipo anatifunsa kuti tidzabweranso liti, chifukwa akufuna akazi awo adzayezedwe.

Matupi athuwa ndi a Mulungu, ife ndife adindo chabe. Mdindo wokhulupirika amamvera ngakhale yankho litakhala lakuti, "Lero ayi."