Agulugufe a ku Manchester

Kale ku Manchester, m'dziko la England, kunali agulugufe a usiku a mapiko otuwa. Masana akatera pa mitengo yotuwa, mbalame sizinali kuwaona msanga. M'chaka cha 1848 anthu anapezako gulugufe wakuda wa mtundu womwewo.

Utsi wa m'mafakitale utadetsa mitengo, zinthu zinatembenuka. Otuwa aja anayamba kuonekera, ndipo mbalame zinawadya. Akuda anapulumuka, naswana. Pofika 1895 pafupifupi onse anali akuda. Patapita zaka, utsi utachepa, otuwa anachulukanso.

Palibe gulugufe amene anadzisintha yekha. Chamoyo choyenerana ndi malo ake ndicho chimapulumuka ndi kusiya ana ofanana nacho. M'buku lake la 1859, Charles Darwin anafotokoza kuti umu ndi mmene zamoyo zimasinthira pang'onopang'ono.