Galainda ikamavina, maso ali pangozi

Kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, mipeni yotumbulira chambo, zikwanje ndi makasu zimanoledwa pa galainda ya pabenchi. Koma ikayamba kunjenjemera ngati ikuvina chioda, musaitenge mwachibwana. Mwala wake umazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi, ndipo ukasweka zidutswa zimauluka ngati zipolopolo.

Zimitsani kaye, zulani pulagi. Chotsani mwalawo, muugogode ndi kamtengo. Wabwino umalira "ngwee", koma wong'aluka umangoti "phu", ameneyo mutayeni. Wabwinowo muubwezere, muziutembenuza pang'onopang'ono mpaka mupeze pomwe sukugwedera. Nati musaimange mopyola muyeso.

Galaindayo muimange ndi mabawuti pabenchi, pansi pake muyale chidutswa cha tayala lakale. Poyatsa, valani magalasi, muime pambali mphindi imodzi musanayambe kunola.