Mayi Wantchito Akasamutsidwa: Kodi Mphamvu ya Wolemba Ntchito Imathera Pati?

Kalata yosamutsa munthu pa ntchito imakhala ya mizere yochepa: kuyambira tsiku lakuti mukayambe ntchito ku ofesi yakuti. Kwa mnyamata wosakwatira kalatayo imangotanthauza kumanga katundu. Kwa mayi amene ali ndi khanda loyamwa, ana kusukulu, mwamuna wogwira ntchito m'tauni momwemo, mwinanso kholo lodwala, mizere yomweyo imagwedeza nyumba yonse. Akakana akhoza kuchotsedwa ntchito pa mlandu wosamvera, akavomera banja ligawikana. Tikufuna tione m'mene malamulo a ntchito amayezera zinthu ziwirizi. Tiyambira ku Japan, komwe makhothi alimbana ndi funsoli kwa zaka zambiri, kenako tione lamulo la Malawi ndi zomwe fiqh ikutiphunzitsa.

Milandu itatu ya ku Japan

M'makampani akuluakulu a ku Japan munakhazikika chizolowezi chakuti kampani imasunga wantchito mpaka atapuma, iyenso amavomera kupita kulikonse kumene atumizidwa. Abambo ambiri amakakhala okha kutali, mkazi ndi ana n'kutsala, ndipo khalidweli lili ndi dzina lake, tanshin funin.

Mu 1986 Bwalo Lalikulu la dzikolo linagamula mlandu wa kampani ya Toa Paint. Wantchito wina wa ku Kobe anakana kupita ku Nagoya chifukwa ankakhala ndi mayi ake okalamba, mkazi wake wantchito ndi mwana wamng'ono. Bwalolo linati ngati malamulo a pakampani akulola kusamutsa anthu, ndipo panalibe pangano lakuti munthuyo azigwira malo amodzi okha, wolemba ntchito ali nayo mphamvu yomusamutsa. Mphamvuyo imakhala yagwiritsidwa ntchito molakwa m'njira zitatu: ngati palibe chosowa chenicheni cha ntchito, ngati pali cholinga choipa monga kufuna kuti munthu atope n'kusiya yekha, kapena ngati vuto logwera wantchito likuposa kwambiri mavuto amene wantchito aliyense amayenera kupirira. Bwalolo linaona kuti kusiyana ndi banja ndi vuto wamba, choncho kampani inapambana.

Muyeso womwewu unakumana ndi mayi wantchito pa mlandu wa kampani ya Kenwood, womwe unagamulidwa mu 2000. Mayiyo ankagwira ntchito ku Meguro mumzinda wa Tokyo, ndipo mwana wake wa zaka 3 ankamusiya kumalo osungirako ana masana. Anauzidwa kuti azikagwira ku Hachioji. Ulendo wake wa mphindi pafupifupi 50 ukanasanduka wa ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 45, kutanthauza kuti kukatula ndi kukatenga mwana kukanasokonekera. Anakana, anaimitsidwa, kenako anachotsedwa ntchito. Bwalo Lalikulu linavomereza kuti vuto lake silinali laling'ono, komabe linati silinafike poposa kwambiri mavuto wamba. Mayiyo anagonja.

Ophunzira aone phunziro lili apa. Muyeso wa mavuto wamba unapangidwa poganizira wantchito amene ali ndi munthu wina kunyumba wolera ana. Utaikidwa pa munthu amene ndiye wolerayo, unaoneka wosakondera pa mawu pomwe ukulemera mbali imodzi.

Mu 2001 nyumba ya malamulo ya Japan inawonjezera gawo 26 m'lamulo la tchuthi cholerera ana ndi kusamalira odwala. Gawoli limalamula wolemba ntchito kuti posintha malo a wantchito aganizire za kulera ana ndi kusamalira achibale. Zotsatira zinaoneka mu 2006 pa mlandu wa Nestle Japan. Antchito awiri a pafakitale ya ku Himeji anauzidwa kupita kufakitale ya ku Kasumigaura. Wina mkazi wake ankadwala, wina ankasamalira mayi ake okalamba. Bwalo la apilo la ku Osaka linathetsa kusamutsidwako. Lamulo silinachotse mphamvu yosamutsa, koma linaika pa wolemba ntchito udindo woyamba wamva ndi kuyeza.

Mfundo imeneyi ili ndi muzu m'malamulo a mayiko onse. Mu 1981 bungwe la ILO linakhazikitsa Pangano nambala 156 lokhudza antchito amene ali ndi udindo wa pabanja, amuna ndi akazi omwe, ndipo Japan inalivomereza mu 1995. Langizo nambala 165 lomwe linabwera limodzi ndi panganolo limatchula kusamutsa anthu mwachindunji: paganiziridwe komwe mwamuna kapena mkazi wa wantchito akugwira ntchito, komanso maphunziro a ana.

Lamulo la Malawi

Gawo 31 la Malamulo Aakulu a dziko lino limapereka kwa munthu aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pa ntchito. Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000, pa gawo 5, limaletsa tsankho pa zifukwa zingapo, ndipo pamndandandawo pali kukhala mwamuna kapena mkazi, chipembedzo, kukhala pabanja kapena ayi, komanso udindo wa pabanja. Kuletsako kumafika pa kulemba ntchito, kukweza paudindo, kuchotsa ntchito ndi nkhani zina zonse zochokera pa mgwirizano wa ntchito. Kusamutsa munthu ndi imodzi mwa nkhani zoterozo. Gawo 47 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 pa zaka 3 zilizonse, akulandira malipiro onse. Gawo 57 limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ili ya khalidwe lake apatsidwe mpata wodziteteza. Gawo 60 limati ngati zochita za wolemba ntchito zafika poti n'kosayenera kuyembekeza kuti wantchito apitirize, wantchitoyo akhoza kusiya, ndipo lamulo limaona ngati wachotsedwa.

Izi sizikupatsa mayi ufulu wokana kusamuka kulikonse. Chipatala cha kumudzi chimafuna namwino, ndipo ana a sukulu ya kutali nawo ndi ana a amayi ena. Aphunzitsi onse apabanja atati atsale m'tauni, ovutika angakhale osauka a kumidzi. Chomwe lamulo likukana ndi kusamutsa mayi ngati chilango chotengera pathupi, kapena pofuna kuti atope n'kusiya yekha. Mikangano yotere imayambira ku ofesi ya zantchito ya m'boma, ndipo ikakanika imapita ku Industrial Relations Court.

Zomwe fiqh ikunena

Maulama amaika ntchito yolipidwa m'khomo la ijara. Wolembedwa ntchito mwezi ndi mwezi amatchedwa ajir khass, kutanthauza amene nthawi yake yagulidwa ndi munthu mmodzi. Kuti ijara ikhale yolondola, ntchito, nthawi ndi malipiro ziyenera kudziwika, kuopa mkangano. Ngati pa mgwirizano panalembedwa kuti wantchito akhoza kusamutsidwa, Msilamu amamangika ndi zomwe anavomera. Ngati sipanalembedwe, timayang'ana chizolowezi cha ntchitoyo, pakuti chizolowezi chodziwika chimakhala ngati mfundo yolembedwa. Mphunzitsi wa boma amadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti akhoza kutumizidwa kusukulu ina. Wogulitsa m'sitolo imodzi sanavomere zimenezo.

Komabe kugula nthawi ya munthu si kugula munthuyo. Maulama a madhhab a Imam Shafi'i analemba kuti nthawi ya swala zachikakamizo imachotsedwa m'nthawi ya wantchito ngakhale sinatchulidwe pa mgwirizano. Apa tikuphunzira kuti pali maudindo amene anayamba kalekale mgwirizano usanabwere. Ayah 233 ya Surah al-Baqarah, imene ikukamba za kuyamwitsa kwa zaka 2, ikuletsa kuti mayi avutitsidwe chifukwa cha mwana wake, chimodzimodzinso bambo. Pamwamba pa izi pali mfundo yaikulu ya fiqh yakuti choipa chichotsedwe, ndi inzake yakuti zoipa ziwiri zikakumana tisankhe chopepukirapo. Kuyeza kumene makhothi amachita pakati pa chosowa cha ntchito ndi vuto la banja n'kofanana ndi kuyeza kumeneku.

Mbiri imatipatsa chitsanzo. Khalifa Umar ibn al-Khattab, Allah asangalale naye, poyamba ankapereka thandizo la m'thumba la boma kwa ana amene asiya kuyamwa. Atazindikira kuti amayi akuletsa makanda kuyamwa nthawi isanakwane pofuna thandizolo, analamula kuti mwana aliyense azilandira kuyambira pobadwa. Zimanenedwanso kuti anaika malire a miyezi imene msilikali angakhale kutali ndi mkazi wake. Wolamulira ataona kuti dongosolo lake likupweteka mayi ndi mwana, anasintha dongosololo.

Tikumbutsenso abambo. Kupezera banja zofunika ndi udindo wa mwamuna, ndipo malipiro a mkazi ndi chuma chake. Ngati awiriwo anagwirizana kuti mkazi azigwira ntchito, kalata yosamutsa ikabwera ndi nkhani ya onse, yofuna kukambirana. Kumusiyira mkazi yekha kuti asankhe pakati pa ntchito ndi ana ndi kuthawa udindo.

Zoyenera kuchita

Mayi amene walandira kalata yotere asangokhala kunyumba, chifukwa kujomba kumapatsa wolemba ntchito chifukwa china chomuchotsera. Awerenge mgwirizano wake, kenako ayankhe polemba kalata, afotokoze vuto lake ndi umboni monga makalata a kuchipatala kapena a kusukulu, ndipo apereke njira ina: kuchedwetsa mpaka teremu itatha kapena mwana atasiya kuyamwa, kusinthana ndi mnzake wofuna kupitako, kapena malo apafupi. Asunge kope la kalata iliyonse. Akachotsedwa asachedwe kukadandaula, popeza madandaulo ali ndi nthawi yake yoikika.

Wolemba ntchito adzifunse mafunso anayi asanasainire. Kodi pali chosowa chenicheni? N'chifukwa chiyani wasankhidwa munthu ameneyu? Kodi wamvedwa? Nanga wapatsidwa nthawi yokwanira ndi thandizo la ulendo ndi nyumba? Mafunsowa akukhudzanso ife amene timayendetsa madrasa, sukulu ndi mabungwe a Chisilamu, pakuti nafenso timalemba ntchito aphunzitsi achikazi ndipo timawasamutsa. Ophunzira athu amamva zomwe timaphunzitsa za ufulu wa mayi m'kalasi, ndipo amaonanso makalata amene amatuluka m'maofesi mwathu. Allah ndiye Wodziwa koposa.