Chingwe chadutsa pamsewu, koma ku komboni sichinafike

M'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Harare kupita ku Chirundu, kudzera ku Banket, Chinhoyi ndi Karoi, pansi pa nthaka pali chingwe cha faiba chotumiza intaneti yothamanga. China chinadzera ku Marondera polowera ku Mutare ndi ku Mozambique. Makampani monga TelOne, yomwe ndi ya boma, ndi Liquid Intelligent Technologies akhala akukwirira zingwezi kwa zaka zoposa khumi, ndipo mabanki ndi maofesi a m'matauni ang'onoang'ono a ku Mashonaland akupindula nazo.

Koma chingwe chimatsata phula. Wopatuka n'kulowa msewu wafumbi wopita ku mafamu amapeza moyo wina. M'makomboni mukukhala mabanja ambiri omwe makolo awo anachokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya fodya. Kulandidwa kwa mafamu komwe kunayamba mu 2000 kunasiya ambiri opanda ntchito, ena opanda munda, ndipo lero amadalira maganyu kwa alimi atsopano. Kampani sikokera chingwe kumalo komwe anthu sangathe kulipira mwezi ndi mwezi, ndiponso nyumba zambiri zilibe magetsi. Intaneti yawo ndi ya pafoni basi, malinga ngati nsanja ili pafupi.

Apa palinso mfundo imene anthu a m'tauni saiganizira. Kulembetsa nambala ya foni kumafuna chitupa. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anavomereza kuti obadwira mu Zimbabwe kwa makolo ochokera m'maiko a SADC ndi nzika, komabe alipo akuluakulu ndi ana m'mafamu omwe alibe ngakhale chikalata cha kubadwa. Munthu wotere amagwiritsa ntchito nambala ya mnzake, ndipo ndalama za ganyu zotumizidwa pa EcoCash zimadzera m'manja mwa wina.

Nkhani ya wailesi yakanema ya dijito yayenda pang'onopang'ono. Maiko a mu Africa anagwirizana pansi pa bungwe la ITU kuti asiye njira yakale youlutsira pofika pa 17 June 2015, koma Zimbabwe sinakwanitse. Mwa nsanja 48 zomwe zinakonzedwa, zambiri zinachedwa posowa ndalama. Mu 2020 bungwe la Broadcasting Authority of Zimbabwe linapereka ziphaso ku nyumba zatsopano zisanu ndi imodzi, kuphatikizapo ZTN ndi 3Ktv, koma banja lokhala ndi kanema wakale liyenera kugula dikoda ndi kupeza sola kuti lionere. Ndipo likaonera, lidzamva chilankhulo chanji? Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dzikomo, koma chimamveka makamaka pa National FM, osati pa kanema.

Kubwera kwa Starlink mu September 2024 kwasintha zinthu kwa alimi akuluakulu, popeza mbale yake sifuna chingwe. Wogwira ntchito sangaigule yekha, koma sukulu, chipatala kapena kalabu ya alimi a fodya ingathe kusonkherana. Bungwe la POTRAZ nalo linatsegula malo ogwiritsira ntchito kompyuta m'mapositi ena kudzera m'thumba lake lothandiza madera akumidzi. Alangizi angachite bwino kufufuza ngati positi yapafupi ili ndi malo otere, ndi kulemba mayina a anthu opanda zitupa kuti ofesi yolembetsa nzika ikamayendera dera lawo, asaphonye tsikulo.